Pulogalamu Imene Inkameza Kuwomba M'manja

Mu ufumu wa Zamveka, lamulo silinkakhala lamulo chifukwa choti lalembedwa. Mapepala kumeneko ankangokulungira mandasi. Lamulo linkabadwa motere: Mfumu Ndanena Yachiwiri inkalitchula ndi pakamwa pake, nduna zonse makumi atatu zinkagunditsa mphumi pansi, kenako n'kuwomba m'manja katatu. Mfumu ikamva kuwombako ndi makutu ake, basi zatha, ngakhale lamulolo likhale loti mbuzi ziziyenda kumanzere kwa msewu. Ikapanda kumva, ndiye kuti lamulo silinabadwe. Koma pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za ulamuliro wake, panalibe tsiku limene inalephera kumva, popeza nduna za ku Zamveka zinkasankhidwa poyang'ana kukula kwa zikhatho.

Mavuto anayamba mfumu itakacheza kwa inzake ya dziko la Tilinazo. Inakapeza mnzakeyo ali pakhonde, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda, akukalipira nduna zake zonse pa laputopu. Mfumu Ndanena inabwerako mtima uli phwii ndi nsanje, ndipo masiku awiri sinafune kuona munthu. Tsiku lachitatu inalamula kuti bwalo la nduna lizikumana pa intaneti, aliyense ali kwake. Nduna zinawomba m'manja katatu, kenako zinayamba kufunsana chapansipansi kuti intaneti ili mbali iti ya mzinda.

Ntchito yosankha pulogalamu yochitira misonkhanoyo inagwera Ezelina Sankhulani, kalaliki wa mu Ofesi Yoyesa Zinthu Mfumu Isanazikhudze. Ezelina anali atayesapo maambulera, mitsamiro, ngakhale munthu wometa, amene anamusiyira chigamba kumbuyo kwa khutu. Anali munthu wosadziwa kunama, ndipo n'chifukwa chake kwa zaka zisanu ndi zitatu sanakwezedwepo pantchito. Chinthu chilichonse ankachipatsa malikisi pa khumi, mopanda kuyang'ana kuti wabweretsa ndani. Amayi ake, a Nachisale, ankagulitsa nyemba mumsika wa Tidyenji, m'munsi mwa phiri la nyumba yachifumu, pa benchi yomweyomweyo kwa zaka makumi atatu.

Amalonda anabwera ndi mapulogalamu atatu: Tionane, Pamodzi ndi Mwaswera. Ezelina anapempha kuti ayambe wawayesa pa msonkhano wongoyerekeza, koma Nduna Yaikulu, a Tsamira, anamuuza kuti mfumu siyerekeza. Choncho Ezelina anayenda nyumba ndi nyumba kukonzera nduna iliyonse laputopu yake, ndipo mayeso anachitikira pa bwalo lenileni, Lachiwiri lililonse m'mawa.

Sabata yoyamba inali ya Tionane. Pulogalamuyi inali ndi khalidwe loti amene akutulutsa mawu aakulu ndiye amadzaza sikirini yonse, enawo n'kuchepa. Mfumu itangoyamba malonje, Nduna ya Madzi, imene inali isanazolowere kuchita msonkhano ili pa sofa yakwawo, inayamba kuliza mkonono. Nthawi yomweyo mphuno zake zinadzaza masikirini onse a ufumuwo, mfumu n'kusanduka kanthu kofanana ndi kabokosi ka machesi pakona. Nduna zina pofuna kupepesa zinagunditsa mphumi monga mwa mwambo, koma m'malo mwa pansi panali mabatani, ndipo zisanu ndi ziwiri zinadzitulutsa zokha mumsonkhanomo. Bwalo linatha popanda lamulo lililonse. Ezelina anapereka malikisi atatu pa khumi.

Sabata yachiwiri inali ya Pamodzi. Iyi inkapatsa aliyense kabokosi kofanana ndi ka mnzake, n'kuwandandalika motsatira nthawi imene afikira. Mwambo wa ku Zamveka umati mfumu imafika pomaliza, moti inapezeka pansi penipeni, kunsi kwa Nduna ya Nkhuku. Ndunayo itaona kuti yakhala pamutu pa mwini dziko, inayamba kulira. Zinzake zinagona chafufumimba pa simenti kuti mitu yawo itsike, ndipo mfumu inangoona madenga makumi awiri ndi mphambu zingapo, ena odontha. A Tsamira, pokhala munthu wanzeru, anazondotsa laputopu yawo kuti mfumu ibwere pamwamba, koma inabwera ili chadodolido. Apanso bwalo linabalalika lamulo lisanatchulidwe.

Masana a tsiku limenelo Ezelina anatsikira kumsika, ndipo anapeza benchi iliyonse ili ndi mtanda wa penti yofiira. Nkhani za kunyumba yachifumu zinkafika ku Tidyenji zisanafike kwa alembi a mfumu, choncho a Nachisale ndiwo anamufotokozera. A Tsamira anali atakopa mfumu kuti msikawo ugumulidwe, pamalopo pamangidwe Chipilala cha Kumvera Anthu, chachitali choti chizionekera ku Tilinazo. Simenti yake inali kale m'nyumba yosungiramo katundu ya mlamu wawo. Lamulo logumula msika linali lachisanu ndi chinayi pa mndandanda wa bwalo, ndipo likanabadwa kale pakanapanda mkonono ndi madenga.

"Tamva kuti watipulumutsa kawiri," anatero a Nachisale uku akusankha nyemba zofumbwa. "Nanga yachitatuyo ndi yotani?"

"Imeneyo ndi yabwino kwambiri, amayi."

"Pepa mwanawe. Ndiye tiyambe kumanga katundu."

Ezelina anabwerera ku ofesi ali wokhumudwa. Benchi imeneyo ndiyo inamulera, ndipo ali wamng'ono ankagona pansi pake dzuwa likawawa. Koma akanatani? Mwaswera inalidi yabwino. Inkalola kuti mfumu ikhomeredwe pamwamba, yaikulu kuposa onse, osasuntha ngakhale wina alize mkonono wa mtundu wanji. Zithunzi zinkaoneka bwino, mawu ankamveka bwino, ndipo munthu akamatulutsa mawu, m'mphepete mwa kabokosi kake munkayaka mzere wobiriwira kuti aliyense adziwe mwini mawuwo.

Lachiwiri lachitatu mfumu inadziona ili pamwamba, masaya ali phuliphuli, ndipo inakondwa mpaka kupempha beseni la madzi ofunda. Inatchula lamulo loyamba pa mndandanda, loti atambala a mumzinda asamalire mfumu isanadzuke. Nduna zinawerama mosamala, popeza Ezelina anali ataziphunzitsa kugunditsa mphumi pambali pa mabatani, kenako zinawomba katatu.

Kunali zii. Manja ankaoneka akukumana m'timabokosi tonse makumi atatu, koma phokoso silinafike, ndipo mzere wobiriwira sunayake pena paliponse. Mfumu inabwereza lamulolo. Nduna zinawomba mwamphamvu mpaka mawotchi kuvuka m'mikono, koma kunali ziii ngati pamanda. A Tsamira anayankhula kuti aone ngati makina afa, ndipo mawu awo anamveka bwinobwino.

"Ndiye kuti mwakhala mukundinamiza," inatero mfumu motsitsa mawu. "Mukungoyandikitsa manja."

Inathetsa bwalo n'kulamula kuti lipoti la Ezelina lifike patebulo pake dzuwa lisanalowe.

Ezelina ankadziwa chimene chachitika, chifukwa mu ufumu wonsewo ndi iye yekha amene anawerenga kabuku ka malangizo. Mwaswera inapangidwa kuti izichotsa phokoso lililonse limene si mawu a munthu, monga kuuwa kwa galu, mvula pa malata, chitseko chomenyetseka. Anthu amene anaipanga, kudziko kwawo kumene malamulo amalembedwa, anaika kuwomba m'manja m'gulu limodzi ndi galu. Pa laputopu iliyonse panali kabatani kamodzi, pakona yakumanja, kozimitsira ndi kuyatsira khalidwe limeneli. Lipoti lonse likanatha ndi mzere umodzi.

Anatenga cholembera n'kukakhala pa thumba la nyemba kwa amayi ake, mwina kuti atsanzikane ndi benchi ija. Pafupi pake mayi wogulitsa mbatata anali atayamba kale kuzula misomali ya shedi yake kuti ogumula asadzaibe. Wometa wa pakona ankafunsa makasitomala ake ngati chipilala chimamera tsitsi. Ezelina anayang'ana mtanda wofiira uja nthawi yaitali, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo mwake analemba bodza. Analilemba mwaukhondo, ndi mitu yake, monga ankalembera zoona.

Tionane, analemba, imalemekeza waphokoso: atatu pa khumi. Pamodzi imayesa anthu onse ofanana, zimene ndi zoopsa: awiri pa khumi. Mwaswera ili ndi zithunzi zabwino, mawu abwino, ndiponso luso limene mafumu ena alibe. Imasefa kuwomba m'manja, n'kumadutsitsa kokhako kochokera pansi pa mtima. Khumi pa khumi.

Mfumu inawerenga lipotilo kanayi. Inatumiza uthenga ku Tilinazo wofunsa ngati pulogalamu ya kumeneko imaona mitima, ndipo yankho litachedwa, inadziwa kuti yapambana. Nduna zinalowa m'mavuto osaneneka. Kunena kuti pulogalamuyo ikunama kunali kuvomera kuti uli ndi chobisa, choncho zonse zinaiyamikira poyera, kuseri n'kumayeserera kuwomba ndi mtima. Nduna ya Maphunziro inkawomba ikuganizira amayi ake amene anamwalira. Nduna ya Misewu inasala kudya masiku atatu. Nduna ya Chitetezo inabisa msilikali kuseri kwa katani kuti azimenyanitsa matabwa awiri, koma Mwaswera inameza matabwawonso. Pofika Lachiwiri lotsatira, mafuta opaka m'manja anali atatha m'masitolo onse a mumzinda, ndipo nduna zinkapatsana moni ndi zigongono.

A Tsamira okha ndiwo sanayeserere chilichonse. Iwo ankadziwa bwino kuti mtima alibe, ndipo ankakayika ngati alipo wina amene ali nawo. Bwalo litayamba, lamulo la atambala lija litalephera kachitatu, anapempha kulankhula. Anati n'zokondweretsa kuti ufumu wapeza chida choyezera mitima, koma sikelo imayamba yayesedwa ndi mwini wake. Mayi Sankhulani, amene ankaonekera m'kabokosi kakang'ono kumapeto monga woyendetsa makina, bwanji awombe kuti onse amve mmene mtima woona umalirira?

Mfumu inavomera. Inati itchula chinthu chosavuta, ndipo ngati kuwomba kwa kalalikiyo sikumveka, apita kukayesa maambulera ku boma la Kuseri, kumene foni imagwira pokhapokha ukakwera pachulu.

"Ine ndine mfumu yanu," inatero.

Ezelina anali atayembekezera zimenezi. Chala chake chinali kale pa kabatani kaja, kunsi kwa mpango umene anafunditsa manja ake. Anadina, anawerama, n'kuwomba katatu. Phokosolo linatuluka m'malaputopu onse a ufumu, pha, pha, pha, mzere wobiriwira uli ng'aning'ani kuzungulira kabokosi kake. Mfumu inagwira pachifuwa, misozi ili lengelenge. Inati zaka zonsezi yakhala ikuweta zikhatho, osadziwa kuti mtima uli mu ofesi ya maambulera.

"Zosangalatsa kwambiri, Mwinidziko," anatero a Tsamira. "Popeza tapeza mtima womveka, ntchito ya boma isaime. Mwambo umangofuna kuti makutu anu amve. Tiyeni tidumphire lamulo lachisanu ndi chinayi. Ndipo mayiwa achotse kampangoko, manja awo akhale poonekera kuti tonse tiphunzire."

Kabatani kanali katazimitsa kale kusefa kuja, ndiye kuti Ezelina akangowomba, phokoso lifika, ndipo msika wa Tidyenji ugumulidwa ndi manja ake enieni. Akakana kuwomba, ndiye wakana mfumu pamaso pa bwalo. Manja anali m'mwamba, maso makumi asanu ndi limodzi ndi awiri ali pa iye. Mfumu inatchula lamulolo pang'onopang'ono, mokoma, mpaka kutalika kwa chipilala.

Mwambo ndiwo unamupulumutsa. Munthu sawomba asanagunditse mphumi, ndipo Ezelina anawerama mwaulemu woposa wa nduna iliyonse, nkhope yonse pa laputopu, mphuno ikufufuza pakona yakumanja. Anamva kabatani kakulowa. Anadzuka mphuno ili psuu, n'kuwomba katatu ndi mphamvu zake zonse, ndipo sikunamveke kanthu.

"Bwerezani," inatero mfumu.

Anabwereza. Kunali chete moti anamva nkhuku ya Nduna ya Nkhuku ikuyenda padenga, ngakhale zimenezo mwina anangoganiza.

"Manja ndawomba, Mwinidziko, mwaona nokha," anatero Ezelina. "Amayi anga amagulitsa nyemba mumsika umenewo. Mtima sindiulamula ine."

Chodabwitsa n'choti bodza lake linamufikitsa ponena zoona, zimene panalibe munthu anazinenapo m'bwalo limenelo chiyambire. A Tsamira analumpha n'kuyamba kufotokoza za msewu wopita ku Kuseri, ndipo Nduna ya Chitetezo inaitana msilikali wa matabwa uja kuti akonzeke. Koma mfumu inakweza dzanja. Inali itakwiya ndi onse, kalaliki ndi nduna zomwe, ndipo inati yatopa kulamulira anthu a mitima yofooka. Lero iwasonyeza yokha mmene munthu wokonda dziko amawombera.

Chiyambire ufumu wa Zamveka, mfumu inali isanawombepo m'manja, moti poyamba manjawo anaphonyana. Inatulutsa mapazi m'beseni, inakhala bwino, inatchulanso lamulo logumula msika, n'kuwomba katatu ikuyang'ana kabokosi kake. Mzere wobiriwira sunayake. Inavula mphete zonse n'kuwombanso. Inaimirira n'kuwomba mpaka chisoti kupendekeka, koma laputopu ya mfumu inali ndi kabatani komweko, ndipo panalibe amene anakakhudzapo.

"Ife tamva, Mwinidziko," anatero a Tsamira mofulumira. "Tamva bwino kwambiri."

"Mwamva chiyani, a Tsamira, mzere usanayake?"

Mfumu inakhala pansi n'kuyang'ana zikhatho zake kwa nthawi yaitali. Ezelina anayamba kuganiza za nsapato zoyenera kukwerera chulu. Kenako nkhope ya mfumu inayamba kumasuka pang'onopang'ono, mpaka inamwetulira. Inati kuyambira kale inkadzikayikira kuti ndi munthu wabwino, koma inalibe umboni. Tsopano makina a kunja atsimikiza: pakamwa pake pamatha kutchula zimene nduna zoipa zaikamo, koma mtima wake umakonda anthu a mumsika, ndipo wakana. Lamulo lachisanu ndi chinayi lichotsedwe pa mndandanda. A Tsamira akafufute mitanda yonse yofiira ndi manja awo, popeza ndi okhawo amene sanatupe.

Pomaliza inalengeza udindo watsopano. Popeza mu ufumu wonse mwapezeka mtima umodzi wokha womveka, Ezelina Sankhulani akhala Wowomba M'manja wa Ufumu, ndipo lamulo lililonse lidzabadwa kapena kufa ndi manja ake. Inamupempha kuti awombere lamulo limeneli. Ezelina anawerama, mphuno inagwira ntchito yake, ndipo phokoso linamveka mpaka kukhitchini ya nyumba yachifumu.

Madzulo, dzuwa lisanalowe, anatsikira ku Tidyenji akuyenda ngati mwana amene wakhoza mayeso. Nkhani inali itafika kale, monga mwa masiku onse. Mayi wa mbatata anali akukhomanso misomali ya shedi yake, ndipo a Tsamira anali chogwada pa benchi yachitatu ndi ndowa ya madzi, ana akuwauza pamene asiya penti. Ezelina ankayembekezera nthungululu, mwinanso kunyamulidwa. M'malo mwake anthu anamupatukira njira. Wometa anavula chipewa. Mayi wa tomato, amene dzulo lake ankamutchula kuti iwe, anamugwadira n'kumupatsa mulu waulere, kenako anamunong'oneza kuti ogulitsa nsomba aja akununkhitsa mzere wonse, ndipo kalamulo kakang'ono kowasamutsa sikangavute. Asanafike patali, wogulitsa nsomba anamugwira mkono ndi maganizo ake okhudza tomato.

Anakapeza a Nachisale akupeta nyemba monga mwa nthawi zonse. Ezelina anakhala pa thumba lake lija n'kuwafotokozera zonse monong'ona, za kabuku, za kabatani ndi za mphuno. Ankaseka pofotokoza, ndipo ankafuna kuti amayi ake aseke naye. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati alipo wina amene amakadziwa kabataniko. Ezelina anati palibe. Anafunsanso ngati alipo amene angamuletse kukadina mmene wafunira, ndipo iye anaganiza kaye asanayankhe kuti palibenso.

A Nachisale anaika lichero pansi. Anatenga chitenje chawo chatsopano chimene ankasungira ku tchalitchi, anachiyala pa benchi, n'kumuuza kuti achoke pa thumba paja akhale pabwino.

"Amayi, mukutani kodi? Ndine Ezelina yemwe uja."

"Tikudziwa," anatero a Nachisale. "Msika mwaupulumutsa, ndipo tathokoza. Khalani pamenepo, mayi. Tsopano woti tizimuopa ndi inu."